Foni Ikumbutse, Magazi Ayezedwe: Phunziro la Shuga wa Amayi Oyembekezera

Tiyerekeze mayi wina wa m'dera la Nkhulambe, m'boma la Phalombe. Ali ndi pakati pa mwana wake wachitatu, anamwino anamupeza ndi shuga wokwera m'magazi. Anamulangiza za kadyedwe, namamuyeza kawirikawiri mpaka tsiku lochira. Mwana anabadwa wonenepa, wopitirira makilogalamu 4, ndipo patapita masiku ochepa shuga wa mayiyo anatsika n'kubwerera m'malo mwake. Kumudzi kunamveka nthungululu. Aliyense anati matenda aja atha.

Kuyambira tsiku limenelo, maso onse ali pa mwana. Ku sikelo amayeza mwana, katemera ndi wa mwana, ndipo mafunso onse a anamwino ndi okhudza mwana. Buku lakuchipatala la mayi lija laikidwa pansi pa sutikesi. Palibe amene akukumbukira kuti mawu awiri kapena atatu olembedwa m'bukumo ndi chenjezo la zaka zikubwerazo.

M'phunziro lino tiona zinthu zinayi: shuga wa amayi oyembekezera ndi chiyani, chifukwa chake nkhani yake siithera pa tsiku lochira, zimene mapulogalamu a pafoni angathe ndi zimene sangathe kuchita, komanso mmene zonsezi zingagwirire ntchito m'boma ngati la Phalombe. Ambirife tili ndi amayi, achemwali, azilamu kapena azakhali amene nkhaniyi ikuwakhudza, ngakhale iwo eni sakudziwa.

GAWO 1: Shuga wa amayi oyembekezera ndi chiyani?

Tikadya nsima, mbatata, mpunga kapena chinangwa, thupi limagaya chakudyacho n'kuchisandutsa shuga amene amalowa m'magazi. Shugayu ndiye nkhuni za thupi. Koma kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu momwe akufunika, pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kachiwalo kali kuseri kwa chifu, kamene madokotala amakatchula kuti pancreas. Insulini ali ngati kiyi wa chitseko: popanda iye, shuga amangozungulira m'magazi, minofu ili ndi njala.

Mayi akakhala ndi pakati, nsengwa imatulutsa mahomoni amene amachititsa kuti thupi lisamamve msanga insulini. Izi n'zachibadwa, ndipo zimathandiza kuti chakudya chokwanira chizifika kwa mwana. Mwa amayi ambiri, kachiwalo kaja kamangowonjezera insulini ndipo zonse zimayenda bwino. Mwa amayi ena kamalephera kukwaniritsa, choncho shuga amachuluka m'magazi. Amenewa ndiwo matenda a shuga a amayi oyembekezera.

Kawirikawiri amayezedwa pakati pa sabata ya 24 ndi ya 28. Mayi amabwera m'mawa asanadye kanthu, amatengedwa magazi, amamwa madzi osungunuliramo magalamu 75 a shuga wapadera, kenako amayezedwanso pakatha ola limodzi ndi maola awiri. Malinga ndi muyezo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2013, mayi woyembekezera amene shuga wake wafika 5.1 mmol/L asanadye, zomwe ndi 92 mg/dL pa makina ena, amawerengedwa kuti ali ndi vutoli.

Si vuto la anthu ochepa. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera mu 2021 kuti mwana mmodzi mwa ana 6 aliwonse obadwa padziko lapansi amabadwa kwa mayi amene shuga wake anali wokwera pa nthawi ya pakati. Chiopsezo chimakula mwa mayi wonenepa kwambiri, wa zaka zambiri, amene kubanja kwawo kuli matenda a shuga, kapena amene anaberekapo mwana wopitirira makilogalamu 4. Chovuta n'chakuti amayi ambiri samva chizindikiro chilichonse. Kutopa ndi kukodza pafupipafupi amangoti ndi za pakati.

GAWO 2: Bwanji nkhaniyi siithera pa tsiku lochira?

Nsengwa ikatuluka, mahomoni aja amachoka, ndipo mwa amayi ambiri shuga amatsika. Apa m'pamene anthu amanyengeka. Pakati paja panali ngati katundu wolemera woikidwa pa njinga: panaonetsa sipoko imene inali yofooka kale. Katundu akatsitsidwa njinga imayendanso, koma sipoko ija sinalimbe ayi.

Mu 2009, magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku amene anaphatikiza zotsatira za m'mayiko ambiri. Anapeza kuti mayi amene anakhalapo ndi shuga ali woyembekezera ali ndi chiopsezo choposa ka 7 chodzadwala matenda a shuga okhazikika poyerekeza ndi mnzake amene sanakhale nawo. Mu 2020, magazini ya BMJ inasindikiza kafukufuku wina wa mtundu womwewo, ndipo anapeza kuti chiopsezocho chikufika pafupifupi ka 10.

Tisaganize kuti izi n'za ku Ulaya kokha. Mu 2019, akatswiri a ku Cape Town, m'dziko la South Africa, anafalitsa zotsatira za amayi amene anawayezanso patatha zaka 5 kapena 6 chipezekereni ndi shuga wokwera ali ndi pakati. Pafupifupi theka la amayiwo anali atadwala kale matenda a shuga okhazikika. Zaka 6 si zambiri. Mwana uja amakhala akungoyamba kumene Sitandade 1.

Matenda a shuga okhazikika amadya mwakachetechete. Akakhala zaka osadziwika amawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi. Kachilonda kakang'ono ka kuphazi kamakana kupola, mpaka ena amadulidwa mwendo. Mayi akatenganso pakati shuga ali wokwera iye osadziwa, mwana angathe kupunduka m'masabata oyambirira, mayi asanayambe n'komwe sikelo. Ngakhale shuga atakhala kuti anatsika, pafupifupi theka la amayiwa vutoli limabweranso pa pakati potsatira.

Kwathu kuno matenda a shuga salinso achilendo. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali nawo. Kafukufuku wina wa ku Karonga ndi ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 pa 100 aliwonse a m'tauni ndi amayi 27 pa 100 aliwonse akumudzi anali onenepa mopitirira muyezo. Mawu akuti awa ndi matenda a mabwana a m'tauni atha ntchito.

GAWO 3: Zimene zimatchinjiriza

Nkhani yabwino ndi yakuti chiopsezo si chiweruzo. Pali zinthu zinayi zimene zatsimikizika.

Choyamba ndi kuyezetsa. Bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti mayi ayezedwenso pakati pa sabata ya 4 ndi ya 12 atachira, ndipo kenako chaka chilichonse kapena osapitirira zaka 3, moyo wake wonse. Ku Britain amalangiza kuyezetsa chaka ndi chaka. Munthu amene sali woyembekezera, shuga wake akafika 7.0 mmol/L asanadye, kapena kuti 126 mg/dL, ndipo zatsimikizika poyezanso, ndiye kuti ali ndi matenda a shuga. Akakhala pansi pang'ono pa muyezowu, ndiye kuti ali pakhomo, ndipo nthawi yobwerera ikadalipo.

Chachiwiri ndi kadyedwe ndi kugwiritsa ntchito thupi. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Diabetes Prevention Program, wa anthu oposa 3,000 amene anali pakhomo pa matendawa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Gulu lina linathandizidwa kuchepetsa kulemera kwa thupi ndi magawo 7 pa 100 aliwonse komanso kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. M'gululi chiopsezo chinatsika ndi 58 peresenti. Gulu limene linkamwa mankhwala a metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Atayang'ana padera amayi amene anakhalapo ndi shuga wa pakati, anapeza kuti njira iliyonse mwa ziwirizi inadula chiopsezo pafupifupi ndi theka. Kuchepetsa magawo 7 pa 100 si kuwonda mochititsa mantha: kwa mayi wa makilogalamu 80 ndi makilogalamu osakwana 6.

Chachitatu ndi kuyamwitsa. Kafukufuku wa ku California wofalitsidwa mu 2015 anatsatira amayi pafupifupi 1,000 amene anali ndi shuga wa pakati. Amene ankayamwitsa kwambiri komanso kwa nthawi yaitali, chiopsezo chawo m'zaka ziwiri zoyambirira chinali pafupifupi theka la cha anzawo amene sankayamwitsa. Choncho langizo la ku sikelo lija, loyamwitsa mwakathithi miyezi 6, limatetezanso mayi.

Chachinayi ndi kukonzekera pakati potsatira: kuyezetsa shuga musanatenge pakati, kuyamba sikelo msanga, ndi kuwauza anamwino mbiri yonse pa ulendo woyamba.

Zinayizi n'zosavuta kuzitchula. Kuzichita mwana ali kumsana, munda ukudikira, n'kumene kumavuta. M'mayiko ambiri, ngakhale olemera, amayi ochuluka sabwerera kukayezetsa atachira. Apa ndi pamene anthu anayamba kuganiza za foni.

GAWO 4: Pulogalamu ya pafoni imachita chiyani?

Pulogalamu ya pafoni, imene ambiri timangoti apu, singachize munthu. Ntchito zake ndi zinayi. Imakumbutsa tsiku loyezetsa. Imasunga mbiri, monga kulemera kwa thupi ndi zotsatira za magazi. Imaphunzitsa pang'onopang'ono, uthenga umodzi lero, wina mawa, m'malo mothira zonse tsiku limodzi pamene mayi ali wotopa ndi uchembere. Ndipo ina imalumikiza mayi ndi namwino, katswiri wa kadyedwe kapena amayi anzake.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikuzidziwa bwino mfundo zimenezi. Phunziro lobwerezedwa patapita masiku limakhazikika kuposa lophunzitsidwa kamodzi. Wophunzira amene akuona yekha mmene akupitira patsogolo amalimbikira. Ndipo wophunzira amene akudziwa kuti wina adzaona ntchito yake salekera panjira. Pulogalamu yabwino imangotenga nzeru za m'kalasizi n'kuziika m'thumba la mayi.

GAWO 5: Kodi zikugwiradi ntchito?

Apa tiyenera kunena chilungamo, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pali umboni wolimbikitsa. Ku India, kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 anatenga abambo 537 amene anali pakhomo pa matenda a shuga. Theka linkalandira mauthenga a SMS olangiza za kadyedwe ndi kuyenda. Patatha zaka ziwiri, 18 pa 100 aliwonse a olandira mauthenga anali atadwala, pamene mwa osalandira anali 27 pa 100. Onani kuti awa anali mauthenga wamba, a pafoni ya mabatani. Koma onaninso kuti anali abambo apantchito, osati amayi oyamwitsa.

Ku Singapore, kafukufuku wotchedwa SPAROW, wofalitsidwa mu 2021, anatenga amayi 200 amene anali atangochira pambuyo pa shuga wa pakati. Theka linapatsidwa apu yolembamo chakudya ndi kulemera, momwenso ankacheza ndi akatswiri. Patatha miyezi 4, kusiyana kwa magulu awiriwa pa nkhani yofika pa kulemera kofunika kunali kochepa, kosakwanira kunena motsimikiza kuti apuyo ndiyo inathandiza.

Kafukufuku wamkulu kuposa awa anachitika ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh. Dzina lake ndi LIVING, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Amayi oposa 1,600 anatenga nawo mbali. Theka linkasonkhana m'magulu kuphunzira, n'kumalandiranso mauthenga olembedwa kapena a mawu pafoni. Pamapeto pake, shuga wa amayi a gulu lothandizidwalo anakwera mofanana ndi wa anzawo.

Tikuphunzirapo chiyani? Choyamba, kusintha kadyedwe ndi kugwiritsa ntchito thupi kumateteza, koma ku America kuja munthu aliyense anali ndi mlangizi wakewake amene ankakumana naye pamasom'pamaso kambirimbiri. Uthenga wa pafoni pawokha ndi wopepuka poyerekeza ndi zimenezo. Chachiwiri, mayi wa khanda ali ndi nthawi yochepa, ndipo si iye yekha amene amasankha chophikidwa pakhomo. Chachitatu, ntchito imene foni imaichita mosavuta ndi yokumbutsa tsiku. Foni ndi belu la sukulu. Belu limasonkhanitsa ana, koma siliphunzitsa.

GAWO 6: Tibwere ku Phalombe

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 430,000 m'boma la Phalombe, ambiri mwa iwo alimi akumudzi, kuyambira m'munsi mwa phiri la Michesi mpaka kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Kwa zaka zambiri odwala aakulu ankatumizidwa ku chipatala cha mishoni cha Holy Family, ndipo tsopano kuli chipatala cha boma cha John Chilembwe ku Migowi. Kumidzi anthu amadalira zipatala zing'onozing'ono monga za Nambazo, Chitekesa, Mpasa ndi Nkhulambe, komanso alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi.

Kodi apu ya ku Singapore ingagwire ntchito kuno? Tiyeni tiwerengere. Kafukufuku wa bungwe la MACRA ndi ofesi ya kalembera wa mu 2019 anapeza kuti anthu 43 pa 100 aliwonse m'Malawi anali ndi foni yam'manja, ndipo ogwiritsa ntchito intaneti sankafika 15 pa 100. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 ankaunikira magetsi. Manambalawa akwerako m'zaka zapitazi, koma tonse tikudziwa mmene zilili kumudzi. Foni yambiri ndi ya mabatani. Nyumba zina foni ndi imodzi, ndipo imayenda ndi bambo. Kutchaja n'kolipira pa sitolo ya sola. Bandulo ikatha, apu imagona. Ndipo apu zambiri zili m'Chingerezi, zikufunsa za zakudya zimene sizipezeka pa msika wa Chiringa, pamene za nandolo, kalongonda, chigwada, matemba a ku Chilwa ndi thobwa sizizidziwa.

Palinso nkhani ya kuyenda. Apu yakunja imauza mayi kuti ayende mapazi masauzande angapo pa tsiku. Mayi amene walima kuyambira m'bandakucha, watunga madzi, wapalasa njinga kupita kuchigayo, safunika kuuzidwa zimenezo. Koma mnzake wogulitsa pa golosale ku Migowi, mphunzitsi kapena telala amene amakhala pansi tsiku lonse n'kukwera njinga yamoto pobwerera, iyeyo akufunika langizolo. Uthenga umodzi sungakwanire onse.

Komabe sitikuyambira pa dothi. Mu 2011, m'boma la Balaka, kunayamba Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linakhazikitsa mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Chinayamba ndi nkhani za uchembere ndi ana: munthu amaimba mwaulere n'kulankhula ndi wazaumoyo, ndipo amayi ankalandira mauthenga olembedwa kapena a mawu ogwirizana ndi msinkhu wa pakati pawo. Pambuyo pake chinafalikira m'maboma onse, chinayamba kuyankha nkhani zonse zaumoyo, ndipo chinaperekedwa m'manja mwa boma. Ambiri anayamba kuchidziwa ndi nambala ya 54747 pa Airtel. Alangizi a zaumoyo nawonso akhala akutumiza malipoti a mankhwala pa SMS kudzera mu njira ya cStock. Ku South Africa, boma linayambitsa MomConnect mu 2014, imene imatumiza mauthenga kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, poyamba pa SMS, kenako pa WhatsApp. Ndipo amayi athu omwewa amatumiza ndi kulandira ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba pa foni ya mabatani. Luso lilipo kale.

Choncho pulogalamu yoyenera Phalombe ingakhale yotere: yogwira pa foni iliyonse, yolankhula Chichewa ndi Chilomwe, yokhala ndi mauthenga a mawu chifukwa si onse owerenga, yosadya mayunitsi a mayi, yodziwa zakudya za m'nyengo yake, ndipo kumapeto kwake kukhale munthu weniweni, mlangizi kapena namwino, amene akudziwa kuti mayi uyu sanabwere. Pakhalenso chotsimikiza kuti mayi akafika kuchipatala, zoyezera zilipo, popeza kumukumbutsa munthu ulendo wa makilomita 15 n'kukabwerera osayezedwa kumapha chikhulupiriro chake.

Kusunga mbiri pafoni kulinso ndi phindu lina kwa anthu a boma lino. Phalombe amadziwa napolo wa mu Malichi 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, misewu ndi milatho, dera la Nkhulambe lili m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Madzi akalowa m'nyumba sasankha: buku lakuchipatala limapita limodzi ndi ziwiya. Mbiri imene yasungidwanso kwina imapulumuka.

GAWO 7: Zimene tingachite ndi foni imene ilipo lero

Sitikufunika kudikira apu yatsopano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nazi njira zimene banja lililonse lingayambe sabata ino.

1. Jambulani tsamba la buku lakuchipatala pamene palembedwa za shuga, ndipo mayi akavomera, tumizani chithunzicho kwa wachibale mmodzi wodalirika.

2. Ikani chikumbutso pa kalendala ya foni. Mwana amalandira katemera pa masabata 6, 10 ndi 14. Ulendo wa pa masabata 6 kapena 10 ukhalenso ulendo woyezetsa mayi. Funsiranitu kwa anamwino ngati afunika kubwera asanadye, ndi kumene kuyezako kumachitikira.

3. Ikani chikumbutso china chobwereza chaka ndi chaka pa tsiku lobadwa la mwanayo. Mwana akamakwanitsa chaka china, mayi akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tsikuli ndi losaiwalika ngakhale foni itatayika.

4. Mwezi uliwonse ku sikelo ya ana, mayi apemphe kukwera nawo sikelo ngati ilipo ya akulu, n'kulemba kulemera kwake m'foni kapena kumapeto kwa buku.

5. Amayi amene ali ndi WhatsApp angapange kagulu kochepa, koma mukhale wazaumoyo mmodzi wowongolera zokambidwa. Popanda iye, kaguluko kamasanduka msika wa mphekesera.

Pa kadyedwe, uthenga ukhale wa zinthu za m'munda mwathu. Magulu 6 a zakudya amene timaphunzira kuyambira ku pulayimale ndiwo maziko. Nsima ya mgaiwa imasunga gaga amene ufa woyera unataya, komabe mitanda ikhale yochepa, ndiwo zamasamba zichuluke. Nandolo, nyemba, khobwe ndi soya zimakhutitsa osakweza shuga msanga. Chipatso chodya chathunthu chimaposa chakumwa chotsekemera. WHO imalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire pafupifupi timasupuni 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kuchepera apo n'kwabwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la zoziziritsa kukhosi limatenga kale timasupuni 8 kapena kuposa. Onjezani tiyi wa timasupuni 3 m'mawa, thobwa lothira shuga masana ndi mandasi awiri, muona kuti muyezo wadutsa dzuwa lisanapendeke. Koma mayi woyamwitsa asadzimane chakudya pofuna kuwonda. Kuchepetsa thupi ndi kwa amene wanenepa mopitirira muyezo, ndipo kuchitike pang'onopang'ono, mwa uphungu wa achipatala.

GAWO 8: Machenjezo atatu

Foni siyeza shuga. Pali apu zonena kuti mukaika chala pa kamera zikuuzani shuga wanu, ndiponso mawotchi ndi mphete zolonjeza zomwezo. Mu Febuluwale 2024, bungwe la boma la America loona za mankhwala la FDA linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito mawotchi kapena mphete zonena kuti zimayeza shuga popanda kuboola khungu. Nambala yabodza ndi yoopsa kuposa kusakhala ndi nambala, chifukwa imagonetsa munthu tulo.

Foni sipereka mankhwala. Metformin amathandiza ena, koma wolamula ndi dokotala amene wamuyeza munthuyo. Chimodzimodzinso, mauthenga a pa Facebook ndi WhatsApp otsatsa zitsamba zochotseratu shuga m'masabata awiri cholinga chawo ndi thumba lanu. Ndipo mayi akaona ludzu losatha, kukodza kawirikawiri usiku, kuwonda kosadziwika chifukwa, kusaona bwino kapena chilonda chosapola, asadikire chikumbutso cha chaka chamawa. Apite kuchipatala sabata yomweyo.

Foni ili ndi maso ambiri. Pamene foni ndi ya banja lonse, uthenga wa matenda ungawerengedwe ndi aliyense. Mayi ndiye mwini nkhani, ndipo ndiye asankhe amene angadziwe. Komabe bambo akadziwa n'kumvetsa, amakhala mthandizi wamkulu, popeza nthawi zambiri ndiye amagula shuga wa pakhomo, ndiye ali ndi foni, ndipo ndiye angapalase njinga tsiku loyezetsa.

GAWO 9: Mbali yathu

Ambirife tikamapita kutchuthi, ndife amene timapatsidwa foni kuti tikonze: kuchotsa mauthenga odzaza, kuika nyimbo, kusintha nambala yachinsinsi. Tikamaliza maphunziro, ena tidzatumizidwa ku sukulu za kumidzi, kumene mphunzitsi amafunsidwa zonse, ndipo tidzakumana ndi amayi pa misonkhano ya makolo ndi m'magulu a amayi a pasukulu. Sitidzakhala madokotala, ndipo tisadzayese kukhala madokotala. Koma tingathe kufunsa mwaulemu kuti, "Achemwali, pa pakati paja anakuuzanipo za shuga? Munayezetsanso chichirireni?" Tingathe kutenga mphindi ziwiri kuika chikumbutso. Mutu umodzi susenza denga: namwino ali ndi mbali yake, mlangizi ali ndi yake, bambo ali ndi yake, ndipo mwana wasukulu wodziwa foni alinso ndi yake.

Mayi uja wa ku Nkhulambe sakufunika foni yodula. Akufunika wina amuuze kuti shuga amene anatsika angathe kubweranso, tsiku lodziwika loyezetsa, ndi munthu woti amufunse ngati anapita.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake shuga amatsika mayi akachira, koma chiopsezo chimatsala.

2. Kafukufuku wa ku America anaonetsa phindu lalikulu, pamene wa LIVING sanaonetse. Ndi kusiyana kotani pakati pa njira ziwirizi kumene kungatithandize kumvetsa zotsatirazo?

3. M'mudzi mwanu, ndani amasunga foni ya pakhomo, ndipo ndani amasankha zogula kumsika? Zimenezi zingasinthe bwanji mmene uthenga ungalembedwere ndi amene angaulandire?

4. Lembani mauthenga atatu a SMS, uliwonse wosapitirira zilembo 160: wina wokumbutsa kuyezetsa, wina wa kadyedwe m'nyengo ya nandolo wamuwisi, wina wopita kwa bambo. Awerengereni anzanu mokweza, ndipo chotsani mawu aliwonse amene agogo anu sangawamve.

Ntchito ya patchuthi

Pezani mayi mmodzi wa m'banja mwanu amene anauzidwapo za shuga ali woyembekezera, kapena amene anaberekapo mwana wopitirira makilogalamu 4. Iye akalola, werengani naye buku lake lakuchipatala, gwirizanani tsiku lokayezetsa, ndipo liikeni pafoni. Tsikulo likafika, muimbireni.